Achule Amene Anakhoza Ali M'tulo

Padangotero, ndipo inu muli apo muzivomera kuti tili limodzi. Kalekale, msewu wa tala utangodutsa kumene m'dziko la nyama, panali kasukulu kena, ndipo pa kasukuluko panali mphunzitsi wa sitandade 7 dzina lake Likongwe. A Likongwewa anali ochepa thupi, koma mutu wawo sunkagona. Akakuuzani kuti lero ndi Lachiwiri, munkayenera kukafunsanso kwina. Koma pa nkhani ya ana a m'kalasi mwawo analibe chinyengo, ankawakonda ngati obala okha.

Chinthu chimene ankachiopa chinali chimodzi basi: msewu uja. Chaka china anaperekeza ana asanu ndi anayi ku mpira kutsidya kwa msewu, nabwerako ndi asanu ndi mmodzi. Eni akewo tayala linawaponda kunsonga kwa mchira, ndipo nsongayo inada mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti iwo ali moyo palibe mwana wawo amene adzapondenso pa tala.

Kale sukulu inkatsegulira mvula ikagwa. Koma chaka chimenecho akuluakulu a kulikulu la maphunziro, a Njovu ndi anzawo, amene chibadwire sanagonepo m'dothi, anagamula kuti chaka chatsopano chiziyamba m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Anaiwala, kapena sanafune n'kudziwa komwe, kuti m'chilimwe achule, afinye ndi nkhono amadzikwirira pansi n'kugona mpaka mvula yoyamba.

Tsiku lotsegulira linafika. Belu, lomwe linali khasu lakutha lopachikidwa pamtengo, linalira. Ana anawaza madzi, anasesa, anafola pamzere afupi kutsogolo atali kumbuyo monga mwa lamulo la pasukulupo, nalowa m'kalasi. Sitandade 7 ndiyo inali kalasi yoyamba kukhala pa madesiki, ndipo mwana aliyense ankailakalaka kuyambira ali pansi pa mtengo. Koma a Likongwe atatsegula kaundula anapeza kuti mwa mayina makumi anayi, ayankha khumi ndi awiri okha. Ena onse anali pansi pa dothi.

Anadzilimbitsa mtima, nakhoma ndondomeko ya maphunziro pakhoma.

"Tamverani, ana inu. M'mawa uliwonse masamu, mitu isanatenthe. Kenako Chichewa, sayansi, ndiye phala. Tikachoka ku phala, ulimi, luso la moyo, ndipo Lachisanu zoumba ndi nyimbo. Chaka chino muphunzira masamu ogawa aataliatali aja, kupanga manyowa, ndi kulemba kalata yopita kwa mkulu."

Monita wa kalasi anali Sakhwi, kamtsikana ka mphuno yaitali kosafuna zachibwana. Anaimika mkono.

"Aphunzitsi, masamu ogawawo tiyamba liti?"

"Mawa, mwanawe."

"Nanga apo pa sabata yachinayi palembedwa chiyani?"

A Likongwe anayang'ana. Pa luso la moyo, sabata yachinayi, panali phunziro la kawolokedwe ka msewu. 

"Limenelo simudzalifuna," anatero.

Sukuluyo inali ndi nyimbo yake ya m'mawa. Wotsogolera ankafunsa ngati onse afika, ndipo anzake ankavomera kuti afikadi onse, palibe watsala m'njira. Zaka zonse ankaitsogolera Finye, kamtsikana kozungulira thupi ka mawu okoma, achule n'kumavomera ndi mabesi awo mpaka denga kugwedezeka. Tsiku limenelo anaitsogolera Sakhwi ndi timawu take ta m'mphuno, ndipo inamveka ngati nyimbo ya pamaliro a munthu wopanda abale.

Nthawi ya phala, ahedi a pasukulupo, mayi Nungu, anawaitanira a Likongwe ku ofesi. Mayiwa akachita mantha minga yawo inkalira tsekeretsekere, ndipo tsiku limenelo inkamveka munthu ali panja.

"A Likongwe, kwabwera kalata. Kalasi iliyonse yosakwana ana makumi atatu itsekedwa. Ana ake akaphunzira ku sukulu yaikulu ya kutsidya kwa msewu."

"Ana alipo, mayi. Angogona."

"Kalatayi sikunena za ogona. Bwana Kakowa, woyendera sukulu, abwera Lachisanu kudzaona okha."

A Likongwe anatuluka osatsazika. Anatenga khasu la ulimi napita pamene ankadziwa kuti Finye wadzikwirira. Anakumba, anakumba, mpaka anamupeza atadzikunga ngati mbatata. Anamugwedeza. Finye anatsegula diso limodzi.

"Yagwa?"

"Sinagwe. Koma dzuka, mwanawe, sukulu yatsegulira."

"Ngati sinagwe, ndikwirireni, aphunzitsi. Khungu likuwawa."

Anaona kuti khungu la mwanayo layambadi kuuma ndi dzuwa. Anamukwirira msangamsanga, nakhala pansi kaye mtima ukuwawa. Kenako mutu uja unayamba ntchito yake.

Bwana Kakowa ankawadziwa bwino. Anali mkulu wovala suti yoyera mbee, woyenda monyang'ama, woopa litsiro kuposa imfa. Ndipo m'kalasimo munali mnyamata wina, Nthengu, mbalame yakuda yotha kuyeserera mawu a munthu aliyense. Zaka zonse dzina lake silinkasowa pa pepala la olongolola.

"Nthengu, bwera kuno. Kulongolola kwako kuja kwapeza ntchito."

Masiku anayi athunthu masamu sanaoneke pa bolodi. Nthengu ankayeserera mawu a anzake makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ena onse n'kumamukonza. Mawu a Finye anawatha tsiku loyamba lomwe. Mabesi a achule anamutupitsa pakhosi, koma anawatha.

"Nanga nkhono imayankha bwanji, aphunzitsi?"

"Mochedwa."

Lachisanu m'mawa a Likongwe analetsa ana kuwaza madzi. Atangoona choyera chikubwera poteropo anakuwa kuti, "Sesani!" Matsache khumi ndi awiri anagwa pa dothi louma, ndipo fumbi linatuluka pakhomo ndi m'mawindo ngati nyumba ikupsa.

"Takulandirani, bwana. Lowani, ana akukonza m'kalasi chifukwa cha inu."

A Kakowa anatsokomola, nabwerera chafutambuyo akupukuta phewa.

"Ayi, ayi. Ndiima panja pano. Itanani mayina, ine ndizimva."

"Finye!"

"Ndilipo, aphunzitsi!"

"Chule Wamkulu!"

"Ndilipooo!"

"Nkhono!"

Kunali zii. A Kakowa anadikira, anadikira, ndipo atatsala pang'ono kulemba kuti kulibe, kamawu kofooka kanamveka kuti kalipo.

"Ameneyo ndi nkhonodi," anatero a Kakowa akugwedeza mutu.

Mayina onse makumi anayi anayankhidwa. Pomaliza ana anaimba nyimbo ija, Nthengu akutsogolera ndi mawu a Finye, kufunsa ngati onse afika, anzake n'kuvomera akutsokomola kuti palibe watsala m'njira. A Kakowa anachonga pa fomu yawo.

"Mawu ndamva. Koma likulu silikhuta mawu, limafuna mitu. Ndibweranso sabata yachinayi kudzawerenga ndi maso."

Atapita, Sakhwi anaimika mkono, fumbi lili mbuu kumaso.

"Aphunzitsi, masamu ogawa aja tiyamba liti?"

"Mawa, mwanawe."

Mawa limenelo silinabwere. A Likongwe anatuma ana kukatapa dothi la pachulu, ndipo phunziro la zoumba, lomwe linali la Lachisanu lokha, linadya sabata zonse. Anaumba achule, anaumba afinye, n'kuwapaka madzi a masamba kuti abiriwire. Anatolera zigoba za nkhono zakalekale n'kuzitsuka. Wina akalakwitsa mwendo, a Likongwe ankati, "Phwanya, yambiranso," ngati mmene kale ankanenera pa masamu. Pofika sabata yachinayi madesiki onse anali odzaza, mwana aliyense wadothi ataweramira buku lotsegula.

Panatsala chimodzi: a Kakowa asayandikire. Pasukulupo panali mwambo woti atsikana azizira pansi pa kalasi kamodzi pa teremu, kalasi n'kukhala yotseka mpaka pouma. A Likongwe anati kuzirako kuchitike m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo dothi lake likhale lakuda, lamadzimadzi.

A Kakowa anafika pakhomo, nakweza mwendo umodzi, ndipo mwendowo unatsala m'malere.

"Ichi n'chiyaninso?"

"Tazira, bwana, polemekeza inu. Lowani, musaope, matope ake amachoka mukachapa kawiri kapena katatu."

"Ndiwerenga ndili pompano. Koma bwanji sakudzuka kundipatsa moni?"

"Ndi nthawi yowerenga chamumtima, bwana. Ndondomeko imati osasuntha, osayankhula. Kapena tiphwanye ndondomeko ya likulu?"

"Ayi, ayi, isaphwanyidwe."

Anawerenga ndi mlomo wawo wautali uja, desiki ndi desiki. Anakwana makumi anayi.

"Achule awa ndi ofatsa bwanji! Kwathu ku dambo sakhala chete chotere."

"Mwambo, bwana."

Akutembenuka, ana amoyo aja anayamba nyimbo, kufunsa ngati onse afika ndi kuvomera kuti palibe watsala m'njira, adothi aja ali duu kuyang'ana mabuku. A Likongwe anamva chinachake chikuwakanda pamtima, koma anamwetulira.

"Mawu ndinamva, mitu ndaona," anatero a Kakowa. "Koma likulu silikhuta mitu, limafuna ntchito. Sabata yachisanu ndi chitatu ndidzatenga makope a mwana aliyense, phunziro lililonse, ochongedwa."

Sakhwi anadikira kuti choyera chija chizimiririke. Manja ake anali atang'ambika ndi dothi.

"Aphunzitsi, masamu aja?"

"Mawa, mwanawe. Tithane kaye ndi ichi."

Apa ndiye panagona ntchito. Ana makumi awiri ndi asanu ndi atatu, aliyense makope asanu ndi limodzi. A Likongwe anatulutsa makope onse amene likulu linatumiza, anawakuta bwinobwino, nalemba mayina a ogona aja. Iwo ankalemba mafunso ndi mayankho omwe pa bolodi, ana khumi ndi awiri aja n'kumakopera m'makope a anzawo, uku akusintha kalembedwe. Kope la chule ankalidonthezera timadzi pakona. Kope la nkhono ankalidutsitsapo chala choviika m'therere. Akamaliza, a Likongwe ankachonga ndi cholembera chofiira, zonse zokhoza, n'kulemba pansi kuti wachita bwino.

Belu likalira ankalemba. Phala ankamwa akulemba. Munda wa sukulu unamera chisoso, dzenje la manyowa silinakumbidwe. Masamu ogawa aataliatali aja Sakhwi anawalemba kambirimbiri, mokongola ngati osindikiza, osamvetsa ngakhale samu imodzi. Tsiku lina anafunsa kuti nambala iyi yatsika bwanji apa, a Likongwe anati, "Ingokopera, nthawi yatha." Mwanayo anawerama, misozi inagwera pa kope, ndipo a Likongwe anati zili bwino, limenelo likhale la chule.

A Kakowa anabwera tsiku lake. Ulendo uno sanafune n'kulowa komwe.

"Mangani makope a ana onse makumi anayi. Ndikachongera ku ofesi kopanda fumbi."

Mitolo inamangidwa ndi luzi. Ana anaimba nyimbo ija kachitatu, koma mawu anali atawathera, moti kuvomera kuja kunangomveka ngati kubuula. A Likongwe anaperekeza mlendo mpaka pa belu, nabwerera akuvina chamumtima. Katatu konse! Ndani wina akanatha?

Atalowa m'kalasi anapeza Sakhwi ali chiimire.

"Aphunzitsi, makope athu apitanso."

"Eya, apita onse."

"Koma m'mwathumo mulibe kanthu. Muli dzina ndi deti ya tsiku lotsegulira."

A Likongwe anakhala pansi pa desiki ya mwana. Akulu anati chenjerechenjere sakupha nsomba, akupha nsomba n'kombe. Anakumbukira fumbi, anakumbukira matope, anakumbukira timadzi ta pakona ya kope, koma ana amoyo amene anali pamaso pawo tsiku ndi tsiku anawaiwala.

Kalata inafika patatha sabata ziwiri. Mayi Nungu anaiwerenga minga ikulira.

"Choyamba, likulu likuthokoza a Likongwe. Sukulu zina zinapempha kuti chaka chibwerere kuyamba ndi mvula, ati achule sangaphunzire m'chilimwe. Pempho limenelo lakanidwa, chifukwa sukulu yathu yaonetsa kuti angathe."

A Likongwe anatseka maso.

"Chachiwiri, ana makumi awiri ndi asanu ndi atatu akhoza modabwitsa, woyamba Finye. Ana otere sangaonongekere pa kasukulu ngati kano. Asankhidwa kupita ku sukulu yaikulu ya kutsidya kwa msewu."

"Mayi, imani kaye."

"Chachitatu, otsala khumi ndi awiri, aulesi osalemba kanthu, sakukwana kalasi. Sitandade 7 yatsekedwa. Nawonso awoloke, akabwereze komweko."

Tsiku lomwelo a Likongwe anathamanga mpaka ku ofesi ya a Kakowa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo ananena zoona zokhazokha, kuyambira pa fumbi mpaka pa therere. Anagwada.

"Bwana, ndichotseni ntchito. Ndimangeni. Koma ana aja ali m'tulo pansi pa dothi, sanagwirepo n'cholembera chomwe. Mawu aja anali a Nthengu. Mitu ija inali yadothi."

A Kakowa anayang'ana pakhomo, nayang'ana pawindo, kuona ngati pali wina akumva.

"A Likongwe, ine ndinamva ndi makutu anga. Ndinaona ndi maso anga. Ndinasaina ndi dzanja langa, katatu, ndipo a Njovu anadinda. Mukufuna ndikauze likulu kuti ndinapatsa moni dothi?"

"Tiyeni mukaone, akadali pa madesiki pomwepo."

"Ndilibe nthawi yoonera zidole. Mbiri yanu ndani saidziwa? Lero mwaona kuti kalasi yatsekedwa, mwapeka bodza lina. Dzukani, mukundidetsera mkeka."

Anabwerera ali wefuwefu, mchira ukukwekwereza pansi. Zaka zonse a Likongwe ankalakalaka mvula yoyamba kuti ana awo adzuke. Tsopano mtambo uliwonse ankauopa. Ankadzuka m'mawa n'kuyang'ana kumwamba ngati munthu woyanika ufa. Koma mvula simva pempho la mphunzitsi. Tsiku lina masana kunagunda, ndipo inagwa yamphamvu mpaka madzulo.

M'mawa mwake belu lisanalire bwalo la sukulu linali litadzaza. Achule, afinye, nkhono, ana ndi makolo awo omwe, onse onyezimira, onse anjala, onse okondwa. Finye anadumpha molunjika kwa a Likongwe.

"Aphunzitsi, yagwa! Desiki yanga ndi iti?"

A Likongwe asanayankhe, mayi Nungu anakwera pa chitsa nawerenga kalata ija, pakuti kalata ya likulu siibisidwa. Atatchula dzina la Finye, bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu.

"Ine?" anatero Finye. "Ndakhoza ndili m'tulo?"

"Ndi magazi amenewo!" anakuwa mayi ake a Finye akudzitupitsa. "Kwathu nzeru timabadwa nazo. Ena amachita kutuluka thukuta, wanga amangolota!"

A Likongwe anakwera pa chitsa chomwecho.

"Makolo, ndimvereni. Ana awa sanalembe kanthu. Ndinalemba ndine ndi anzawowa. Musawalole kuwoloka msewu, ndapota nanu. Ine msewu ndimaudziwa, onani mchira wangawu."

"Tamvani kaduka!" anatero mayi a Finye. "Mwana wasankhidwa, aphunzitsi ake akuti asapite. Mukufuna akalambire pano ngati inu?"

"Pamsewupo pagumuka ndi mvula ya dzulo. Sipakudutsika. Dikirani chaka chamawa."

Bambo ake a Chule Wamkulu anaseka ndi besi yawo.

"A Likongwe, inu mukati Lachiwiri timakafunsa kwina. Poyamba mwati ana sanalembe, tsopano mukuti msewu wagumuka. Chachitatu mutiuza kuti chiyani?"

Chachitatu panalibe. Mutu uja, umene sunasowepo chonena chibadwire, unali mbee ngati bolodi yofufuta.

"Folani!" anatero mayi Nungu.

Ana anafola monga anaphunzitsidwira kuyambira sitandade 1: awiriawiri, afupi kutsogolo, atali kumbuyo, osaduka mzere zivute zitani. Lamulo limenelo a Likongwe eni ake ndi amene ankalilimbikira ndi kamtengo m'manja. Choncho kutsogolo kunali nkhono ndi afinye, pakati achule, ndipo ana aliwiro aja, a Sakhwi ndi anzake, anali kumbuyo kwenikweni, kuyenda liwiro la nkhono.

A Likongwe anathamangira kutsogolo, naima m'mphepete mwa tala. Anaika khutu pansi. Kunali zii.

"Chabwino. Wolokani tsopano, msangamsanga! Osaimba!"

Koma mwana wa sukulu angayende pamzere m'mawa osaimba? Finye anali atagona miyezi itatu ndi nyimbo pakhosi. Atangoponda pa tala anaiyamba, mawu ake enieni, okoma kuposa a Nthengu, kufunsa ngati onse afika. Achule anavomera ndi mabesi onse amene anasunga chilimwe chathunthu, kuti afikadi onse, palibe watsala m'njira. Nyimbo ija inali isanamvekepo bwino chotero.

Mzere uli pakati pa msewu, a Likongwe anamva pansi pakunjenjemera.

"Thawani! Dukani mzere! Balalikani!"

Mabesi anameza mawu awo. Anathamangira pakati, anakankha uyu, anakoka uyo, koma mwana aliyense wokankhidwa ankabwerera pamalo pake msangamsanga, kuopa kulembedwa dzina. Chilole chinatulukira, ndipo sichinaone n'komwe kuti pansi pali sukulu. Pambuyo pake panabwera china.

Zimene zinatsala pa talapo sindinena, pano pali ana.

Kutsidya, amene anapulumuka anaunjikana pamodzi. Sakhwi anali pomwepo, akupenyetsetsa aphunzitsi ake. Sanalire. Anangoimika mkono ngati ali m'kalasi.

"Aphunzitsi, phunziro la msewu lija linali la sabata yachinayi. Ndi sabata imene tinkaumba achule."

 Kaundula anali akadali m'khwapa mwa a Likongwe, ndipo popeza sankadziwa china chochita, anamutsegula nayamba kuitana mayina monga m'mawa uliwonse. Ena anayankha. Mayina ambiri anangogwa pansi opanda wowatola. Dzina limodzi analidumpha dala, kulisungira kumapeto, ngati kuti kuchedwa kungasinthe kanthu.

"Finye."

Kunali zii.

"Finye!"

Pamenepo kuchokera pa nthambi kamawu kokoma kanayankha kuti, "Ndilipo, aphunzitsi." Mayi a Finye, amene anali atagwa pansi tsidya linalo, anadzuka n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku. Anali Nthengu. Anaona aphunzitsi ake akuvutika, ndipo anachita chinthu chokhacho chimene anaphunzira chaka chimenecho.

"Leka, mwanawe," anatero a Likongwe. "Leka. Ameneyo kulibe."

Anatenga cholembera chofiira nalemba kuti kulibe. Chinali chinthu choyamba choona kulowa m'kaundula ameneyo.

Kalata ija sinafafanizidwe mpaka lero, pakuti likulu silibweza chidindo. N'chifukwa chake mvula yoyamba ikagwa mumaona achule akukhamukira pamsewu akuimba, kupita ku sukulu imene anasankhidwira, ndipo m'mawa mumawapeza ataphwatalala pa tala. N'chifukwa chakenso mukamayenda pamsewu mumaona likongwe akudutsa chothamanga, n'kuima m'mphepete, n'kutembenuka kuyang'ana m'mbuyo. Sakuyang'ana inu ayi. Akuwerenga amene awoloka.

Yanga yathera pamenepa. Mbatata munaikwirira paphulusa ija kaioneni, ndipo ngati yapserera musandifunse ine.